Juzi yamaluwa yolimbana ndi chisanu cha ku Joni

Aliyense wochokera kwathu amene wathako chaka mu Johannesburg amadziwa kuti June ndi July kuno si miyezi yamasewera. Mzindawu uli pamalo okwera kwambiri, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre ali cha m'ma 1,000 chabe, ndipo ngakhale Dedza amene timamuopa uja sakufikapo. Usiku kumazizira mpaka madigiri 4, masiku ena mpaka 0, m'mawa n'kupeza udzu ndi magalasi a galimoto zili mbuu. Sinowo imagwa mwa apo ndi apo, monga mu August 2012 ndi pa 10 July 2023, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku limodzi, yojambulitsa zithunzi. Chimene chimasautsa anthu ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku.

Kuzizira kumeneku n'kosiyana ndi chiperoni cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, tsiku lonse dzuwa osaoneka. Kuno mvula imaleka cha mu April, mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka, ndipo masana dzuwa limawala bwinobwino mpaka madigiri 16 kapena 17. Vuto lili m'nyumba. Nyumba zambiri, kaya ndi mafulati a ku Yeoville ndi Hillbrow, kaya zipinda zakuseri za ku Mayfair ndi Rosettenville, kaya zamalata za ku Diepsloot, sizinamangidwe kuti zizisunga kutentha. Pansi pali matayilosi kapena simenti, hita imadya mayunitsi a magetsi, ndipo nthawi zambiri panja pamatentha kuposa m'chipinda. Choncho chovala chimene munthu akufuna kuno ndi chimene angayime nacho podikira takisi 5 koloko m'mawa, n'kukhala nachobe m'nyumba madzulo, koma osamuwotcha dzuwa likafika paliwombo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndi imene idzatiuze ulusi wogula ndi kalukidwe koyenera.

Kuluka si kwachilendo kwa ife. Amayi ambiri anaphunzira ku pulayimale, ena ku Mvano, ena kwa agogo awo pogwiritsa ntchito masipoku a njinga m'malo mwa singano zolukira. Mashawelo, tizipewa ndi timasokosi ta ana obadwa kumene timaluka mosavuta. Koma zambiri mwa izi zimakhala za mtundu umodzi, kapena za mizeremizere, pamene umamaliza mizere ingapo ndi ulusi wofiira kenako n'kusinthira woyera. Juzi yamaluwa imene tikunena pano ndi ina. Mitundu iwiri ya ulusi imayendera limodzi mumzere umodzi. Masitichi atatu oyera, awiri akuda, limodzi loyera, motsatira chithunzi chojambulidwa pa pepala la timabokosi, pamene kabokosi kalikonse ndi sitichi imodzi. Ulusi umene sukugwira ntchito pa nthawiyo sudulidwa. Umadutsa kuseri kwa nsalu mpaka pamene udzafunikenso. Mukatembenuza juzi yotere mudzaona kuti mkati mwake mwadzaza timaulusi topingasa, ndipo kutentha kwake kumachokera pamenepo. Nsaluyo imakhala ya mbali ziwiri, masitichi kumaso ndi timaulusi kuseri, ndipo pakati pake pamatsekeredwa mpweya. Mpweya wosayenda ndi umene umasunga kutentha kwa thupi. Mphepo nayo imavutika kuloweza.

N'chifukwa chake luso limeneli linakulira kumalo a mphepo ndi nyanja. Dzina lodziwika kwambiri ndi Fair Isle, kachilumba kakang'ono ka ku Shetland, kumpoto kwa Scotland. Majuzi akumeneko anatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Prince of Wales, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII, atayamba kuonekera pagulu atavala imodzi. Lamulo lawo ndi lakuti juzi ikhoza kukhala ndi mitundu yambiri, koma mumzere umodzi muziyenda iwiri yokha. Ku Norway kuli majuzi a ku Setesdal, akuda okhala ndi timadontho toyera, komanso Marius, imene Unn Søiland anapanga mu 1953. Ku Iceland kuli lopapeysa, ija imakhala ndi maluwa ozungulira khosi ndi mapewa, thunthu n'kukhala mtundu umodzi. Palinso njira ina yotchedwa intarsia, imene amalukira chithunzi chachikulu monga nkhope ya nyama pachifuwa. Imeneyo chigawo chilichonse chimakhala ndi kampukutu kake ndipo palibe ulusi wodutsa kuseri, kotero nsaluyo imakhala ya mbali imodzi, yosatentha kuposa juzi wamba. Wofuna kuthawa chisanu asasokoneze ziwirizi.

Ulusi wakuseri

Ulusi womwewo umene umatenthetsa juzi ndi umenenso umaiwononga m'manja mwa woyamba kumene. Nsalu yolukidwa imatanuka chifukwa sitichi iliyonse ndi kagoli kopindika, kamene kamatambasuka kakakokedwa. Koma ulusi wodutsa kuseri ndi wowongoka, sutanuka. Ukakhala waufupi kuposa mtunda wa masitichi amene ukuwadumpha, umawakoka n'kuwaunjika pamodzi. Kumaso nsalu imachita makwinya, maluwa amapindika, ndipo juzi imene mumayembekezera kuti ikwana bambo a m'nyumba imakanirira pamapewa. Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli silikonzeka pochapa kapena posita. Ulusi waufupi ndi waufupi basi, mankhwala ake ndi kumasula.

Njira yopewera ndi yaing'ono koma imafuna kuti dzanja lizolowere. Musanakoke ulusi umene unali kudikira, tambasulani masitichi amene mwangoluka pa singano ya kudzanja lamanja, atalikirane monga adzakhalire pa juzi yovalidwa. Kenako dutsitsani ulusiwo momasuka kuseri kwawo, n'kuluka osaukoka. Mukayang'ana kuseri uzioneka wogona bwino pansalu, wolendewerako pang'ono. Woyamba kumene amaona ngati wamasula mopitirira, koma kumasuka pang'ono kumabisika juzi ikachapidwa, pamene kuthina sikubisika. Pa manja a juzi, pamene bwalo lake ndi laling'ono, olukaluka ambiri amatembenuza ntchito kuti kuseri kukhale kunja. Ulusi wodutsa umayenda mtunda wotalikirapo pozungulira kunja kwa bwalo, ndiye umamasuka wokha.

Kutalika kwa mtunda wodumphawo kulinso ndi malire. Ulusi ukadumpha masitichi opitirira 5 kapena 6, umakola zala, mphete ndi mabatani a malaya povala. Pa juzi ya mwana ndiye kusamala kuchuluke, chifukwa tizala tawo timalowa paliponse. Pamene patani ikufuna mtundu umodzi kwa masitichi 9 kapena 10, pakati pake mumapiringiza ulusi wodikirawo ndi umene mukulukira kuti ugwidwe. Koma musagwirire pamalo amodzimodzi mzere uliwonse. Mukatero, ulusi wakuda umayamba kusuzumira kumaso pakati pa masitichi oyera ngati kamzere kotsika. Sunthani malo ogwirira, mzere uno pa sitichi yachinayi, wotsatira pa yachisanu ndi chimodzi.

Kagwiridwe ka maulusi awiriwa n'kosiyanasiyana. Ena amagwira umodzi kudzanja lamanja wina kulamanzere, ena onse kudzanja limodzi, ena amasiya umodzi n'kutola wina. Zonse zimatheka. Chosafunika kusintha ndi chakuti ulusi uti ukudutsa pansi ndipo uti ukudutsa pamwamba pa unzake. Umene umachokera pansi umapanga masitichi okulirapo pang'ono, ndiye umaoneka kwambiri kumaso. Ulusi wa maluwa uzichokera pansi, wa thunthu uzichokera pamwamba, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukasinthanitsa pakati, maluwa ena amatuluka onenepa ena owonda, ndipo munthu woona amadziwa kuti pali cholakwika ngakhale sangathe kuloza. Kusunga dongosolo limeneli kumathandizanso kuti mipukutu iwiri isapotane.

Zonsezi zimaphweka ngati mukuluka mozungulira, ndi singano ziwiri zija zolumikizidwa ndi kachingwe. Kumaso kwa nsalu kumakhala kukuyang'anani nthawi zonse, ndiye patani mumaiona ikukula. Pa singano zowongoka zimene tinazolowera, mzere wobwerera mumaluka mukuyang'ana kuseri, kuwerenga chithunzi chafutambuyo, uku mukusamala maulusi awiri. Zimatheka, koma ndi ntchito yotopetsa popanda phindu.

Masamu asanayambe manja

Anthu ambiri amadana ndi kuluka kansalu koyesera. Amati n'kutaya ulusi ndi nthawi. Taonani masamu ake. Tinene kuti chifuwa cha wovala ndi masentimita 100, ndipo mukufuna kuwonjezera 8 kuti azivalira pamwamba pa malaya, kukhala 108. Ulusi wa DK, uja wonenepa mwapakatikati umene umapezeka kwambiri m'masitolo kuno, pa singano za mamilimita 4 umapereka masitichi 22 pa masentimita 10 aliwonse. Ndiye mukufunika masitichi pafupifupi 238. Ngati duwa lanu limabwerezedwa pa masitichi 12 aliwonse, nambala iyenera kugawika ndi 12, choncho mumaika 240. Tsono nsalu ya mitundu iwiri imathina kuposa ya mtundu umodzi. Dzanja lanu likapereka masitichi 24 m'malo mwa 22, masitichi 240 aja akupatsani masentimita 100 okha. Kusiyana kwa masitichi awiri kwadya malo onse opumira, ndipo mudzazindikira patatha milungu.

Kansalu koyeserako kakhale ka masentimita 15 mbali zonse, kolukidwa mozungulira ndi patani yeniyeniyo, kenako kachapidwe ndi kuuma musanayeze. Amene sakufuna kutaya ulusi aluke chipewa. Chipewa ndi bwalo lokwanira kuyezerapo, dzanja limaphunzirirapo, ndipo mwana amapita nacho kusukulu. Mukapeza kuti chigawo cha maluwa chikuthina kuposa cha mtundu umodzi, lukani maluwawo ndi singano zokulirapo, monga 4.5 pamene kwina mukugwiritsa 4.

Nkhani ya ulusi ndi yokoma kwa ife okhala kuno, chifukwa dziko lino ndi la nkhosa. Nkhosa za merino zinafika ku Cape mu 1789, ndipo mbuzi za angora, zimene ubweya wake umatchedwa mohair, zinafika mu 1838. Lero South Africa imatulutsa pafupifupi theka la mohair wa dziko lonse lapansi, makamaka ku Karoo ndi Eastern Cape, ndipo msika waukulu wa ubweya uli ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Komabe mukalowa m'masitolo a nsalu ndi zosokera, kaya ku Oriental Plaza ku Fordsburg kaya m'tauni, mipukutu yambiri imene wogulitsa angakuuzeni kuti ndi wulu imakhala ya akiriliki, ulusi wopangidwa kufakitale. Werengani kapepala kokulunga mpukutu. Ubweya weniweni umapezeka kwambiri m'masitolo a olukaluka ndi pa intaneti, ndipo mtengo wake ndi wokwera ndithu.

Akiriliki sindimunyoza. Ndi wotchipa, amachapika mosavuta, njenjete sizimudya, ndipo pa juzi ya mwana wa sukulu palibe chomuposa. Koma ali ndi zofooka zimene kuno zimaonekera msanga. Satulutsa thukuta, ndiye amene wavala m'mawa kuli chisanu amafika masana atanyowa kumsana. Mu mpweya wouma wa July amathetheka povula. Ndipo choopsa, akayandikira moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Anthu ambiri kuno amawotha mbaula, hita ya mawaya kapena sitovu ya parafini, choncho imeneyi si nkhani yongopeka. Ubweya wa nkhosa sugwira moto msanga, ndipo ukachotsedwa pamoto nthawi zambiri umazima wokha. Umamwanso chinyezi chochuluka, kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, munthu osamva kunyowa. Pa kalukidwe ka maluwa uli ndi ubwino winanso: timaubweya take timakolana, masitichi n'kugwirana, ndipo ukanyowetsedwa koyamba mabampu ang'onoang'ono amasalala. Akiriliki momwe wachokera pa singano ndi momwe adzakhalire. Amene thumba silikulola ubweya wokhawokha atenge wosakaniza. Mohair payekha samveka bwino pa maluwa ang'onoang'ono chifukwa ubweya wake wautali umaphimba malire a mitundu, ndipo kumasula ukalakwitsa ndi chintchito.

Juzi ya munthu wamkulu ya DK imadya mamita pakati pa 1,000 ndi 1,300, ndipo ikakhala yamaluwa paliponse imapitirira pamenepo chifukwa cha ulusi wakuseri uja. Werengerani mamita olembedwa pa kapepala, osati chiwerengero cha mipukutu, popeza magalamu 100 a akiriliki ndi aatali kuposa magalamu 100 a ubweya. Mtundu wa thunthu mugule wonse tsiku limodzi, ndipo nambala ya utoto yolembedwa pa kapepala ifanane. Mipukutu iwiri yabuluu yonyikidwa masiku osiyana imaoneka yofanana m'sitolo, koma padzuwa mzere wolekanitsa umaonekera.

Posankha makaka, diso limanama. Chofiira ndi chobiriwira ndi mitundu yosiyana kwambiri, koma zonse zikakhala zakuda mofanana, duwa limasowa munthu akaima patali. Chofunika ndi kusiyana kwa kuwala: wina wowala, wina wakuda. Ikani mipukutuyo pamodzi, ijambuleni ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Ikaoneka yotuwa mofanana, bwezani umodzi.

Tibwerere ku mfundo ya nyengo ija. Maganizo anga ndi akuti juzi yamaluwa paliponse, ya ulusi wonenepa ngati wa ku Iceland, kuno ndi yopitirira muyezo. Mudzaivala masiku ochepa pachaka, ndipo 10 koloko ikamakwana mudzakhala mutainyamula m'manja. Yoyenera Joni ndi ya ulusi wa DK kapena wocheperapo, yokhala ndi maluwa pamapewa ndi pachifuwa, mwinanso kamzere kumapeto kwa manja ndi m'munsi. Mbali ziwiri zija zimakhala pamene mphepo imamenya, kwina n'kukhala kopepuka. Kwa woyamba kumene ndi yabwinonso chifukwa gawo lalikulu ndi kuluka wamba kumene akudziwa kale. Ikhoza kuyambira m'munsi, thunthu ndi manja awiri n'kudzazilumikiza pa singano imodzi, kenako kumachepetsa masitichi pokwera kukhosi. Ikhozanso kuyambira kukhosi kutsika, ndipo ubwino wa njira iyi ndi wakuti munthu amaiyesa ili pa singano. Chimodzi chosaiwala: kumbuyo kwa khosi kukhale kokwera pang'ono kuposa kutsogolo, poluka timizere tosafika kumapeto kumsana kokha. Popanda zimenezo juzi imakoka pammero tsiku lonse.

Yabwino koposa pa nyengo yosinthasintha ndi yamabatani, koma pamenepo pali chinthu chimene chimaimitsa mtima. Olukaluka a ku Shetland ndi Norway amaluka mozungulira ngati thumba, n'kuwonjezera masitichi angapo kutsogolo, pomaliza n'kudula ndi sizasi pakati pa masitichi owonjezerawo. Ubweya wosasalala sumasuka chifukwa umakolana. Akiriliki komanso ubweya wolembedwa superwash, uja wochapika pa makina, ndi woterera, choncho musanadule pitani kwa telala adutsitse makina kawiri mbali iliyonse ya podulapo.

Maluwawo sikuti achite kukhala nyenyezi za sinowo ndi mphalapala za ku Norway. Laduma Ngxokolo wa ku Gqeberha anayamba mu 2010, ali pasukulu ya ukachenjede, kupanga majuzi a merino ndi mohair otengera mikanda ya Axhosa, poganizira anyamata otuluka ku chinamwali amene ankavala majuzi ochokera kunja. Lero MaXhosa, dzina la zovala zakezo, ndi lodziwika kutali. Ake amalukidwa pa makina, ndipo kukopera mapatani ake si ulemu, koma njira anaionetsa. Ife tili ndi mapangidwe a pa lichero, nsengwa ndi mphasa, amene ndi a timizere topingasa ndi timakona, oyenerana kale ndi pepala la timabokosi. Maluwa aakulu a pachitenje ndiwo savomera, chifukwa malo a mtundu umodzi amatalika kwambiri ndipo mitundu imachuluka mumzere. Pojambula yanu, sungani malamulo awiri aja: mitundu iwiri pamzere, ndipo mtundu umodzi usayende masitichi ambiri osasinthana ndi unzake. Duwa lofanana mbali zonse limalowa m'mutu msanga, moti pofika mzere wachitatu simuyang'ananso pepala.

Mukamaliza, sokererani nsonga za ulusi kuseri, kenako nyikani juziyo m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20. Musaipotokole. Ikulungeni m'thaulo, pondani kuti madzi atuluke, n'kuiyala pansi pamthunzi molingana ndi miyezo yanu. Mpweya wouma wa kuno umaumitsa msanga. Kuyanika pachingwe kumaitalikitsa, ndipo kuchapa kwathu kuja kofikisa ndi madzi otentha kumachititsa ubweya kugwirana mpaka juzi ya bambo kusanduka ya mwana, osabwereranso. Akiriliki asakhudzidwe ndi simbi yotentha. Chisanu chikatha mu September, ichapeni musanaisunge m'thumba lotseka bwino, chifukwa njenjete zimatsata thukuta ndi zotsalira za chakudya.

Za nthawi, munthu wogwira ntchito masana amene amaluka madzulo ndi Lamlungu awerengere miyezi iwiri kapena itatu pa juzi yoyamba ya wamkulu, choncho woifuna mu June ayambe mu March. Amene akuganiza zogulitsa awerengere bwino. Mulu wa kaunjika pafupi ndi Park Station uli ndi majuzi otchipa kuposa mtengo wa ulusi wokha, ndipo m'bale wakwathu akati "achemwali, mundilukireko ngati yanuyo" kawirikawiri amakhala akuganiza za mtengo wa pamuluwo. Muuzeni mtengo wa mipukutu musanaike sitichi yoyamba, ndipo agule yekha ulusiwo. Zipewa, timajuzi ta ana ndi zovala kumanja zimatha msanga ndipo ndalama yake imabwerako.